Ganyu, macheza ndi maulendo: mmene mungayendetsere sukulu ku Glasgow osayika viza pamoto

Mukangofika ku Glasgow mu Sepitembala, musanagule jekete, musanafunse n'komwe komwe kumapezeka ufa, pezani kalendala. Ya pafoni ili bho, koma ine ndimakonda ya pepala yomata pakhoma yoti ukadzuka izikuyang'ana. Lembanipo masiku otsekulira ndi otsekera temu ndendende mmene yunivesite yanu yalembera, masiku opereka ma asayimenti, a mayeso, ndi tsiku lomwe viza yanu ikutha. Zina zonsezi, kaya ganyu, kaya kocheza, kaya ulendo wa ku Paris womwe mwakhala mukuulota kuyambira muli ku Chanco, zizilowa m'mipata yotsala pa pepala limenelo. Ndikamba za Glasgow poti ndi komwe ndikukudziwa, koma malamulo a viza ndi amodzi UK yense, mukhale ku Leeds kapena ku Cardiff.

Tiyambe ndi ganyu poti ndi zomwe aliyense amayamba kufunsa. Ngati mukupanga digiri kapena Masters pa Student visa, mumaloledwa kugwira ntchito maola 20 pa sabata nthawi ya temu, pa holide nde mutha kugwira maola onse. Sabata yake amawerenga kuyambira Lolemba kufika Lamulungu, ndipo palibe zoti sabata ino ndagwira 15 nde sabata ya mawa ndibweza ndi 25, ayi, sabata iliyonse imayima payokha. Mukhale ndi mabwana awiri kapena atatu, maola onse amaphatikizidwa. Ndipo musaganize kuti sangadziwe, malipiro onse amadutsa mu kompyuta ya HMRC, anthu a msonkho aja, ndipo Home Office, unduna woona za ma viza, itha kuwona zimenezo. Manijala wanu akamakunyengererani kuti tatsalirani pang'ono munthu wina sanabwere, iye akuganiza za shifiti yake ya lero basi, za viza yanu alibe nazo ntchito. Muuzeni mwaulemu kuti maola anga akwana, mutenge chikwama muzipita.

A Masters imvetsetsani apa. Juni akafika anzanu a digiri yoyamba amayamba kugwira maola 40 poti kwa iwo ndi holide, inu nkumati nanenso. Mayunivesite ambiri miyezi ya Juni mpaka Ogasiti, yomwe mukulemba dissertation ija, amayiwerenga ngati temu, nde maola ndi 20 omwewo mpaka tsiku lenileni lothera kosi. Pitani ku ofesi yothandiza ophunzira ochokera kunja akuuzeni masiku anu enieni, ndipo akulembereni pa imelo, musangomva za pa gulu la WhatsApp.

Pali ntchito zina zoti olo maola akhale ochepa bwanji ndi zoletsedwa. Simuloledwa kudzilemba nokha ntchito kapena kupanga geni. Nde zoperekera zakudya pa njinga za Deliveroo ndi Uber Eats zija, zomwe zimaoneka zophweka, si zanu, chifukwa oyendetsa njinga aja amawerengedwa kuti ndi odzilemba okha. Kubwereka akaunti ya mnzanu nde kuwonjezera mulandu pa mulandu. Achemwali odziwa kuluka tsitsi, ndikudziwa kuti manja amayabwa mukamva mitengo ya kuno, koma kulipiritsa anthu kunyumba ndi bizinesi imeneyo. Ndi chimodzimodzi ntchito zolandira kashi pamanja popanda payslip, tsiku lomwe bwanayo adzakane kukulipirani mulibe kokadandaula.

Zofunika kuti muyambe ndi zochepa. Makhadi a BRP aja, omwe ankasonyeza viza ya munthu, anatha ntchito pa 31 Disembala 2024, pano zonse zili pa intaneti, mumatsekula akaunti ya UKVI, nthambi ya Home Office yopereka ma viza, nkupanga share code yomwe bwana amawonera kuti ndinu ololedwa kugwira ntchito. Kenako National Insurance number, nambala yanu ya za ntchito ndi msonkho, mumafunsira pa gov.uk ndipo ndi yaulere, wina akati mumupatse mapaundi kuti akuthandizeni ndi wakuba ameneyo. Imatenga masabata angapo kuti ituluke koma mutha kuyamba ntchito isanabwere. Ngati mukufuna ntchito yosamalira okalamba kapena olumala, yomwe a Malawi ambiri amayambira, ku Scotland kuno mufunika kulowa mu PVG, ndondomeko yomwe amafufuza mbiri yanu ngati munapalamulapo, ndipo malo ambiri amafunsanso kalata ya ku polisi ya kwathu. Ngati mukuwerenga izi mudakali ku Lilongwe, itengerenitu musanakwere ndege, kuyitumitsa muli kuno ndi chintchito.

Ntchito ya okalambayi ndiyikambe pang'ono chifukwa anthu amangoyitchula ngati yophweka. Shifiti zambiri ndi za maola 12, kutanthauza kuti ziwiri zokha mwadutsa kale malire, nde muzikambirana ndi wopanga rota, ndandanda wa mashifiti, kuyambira tsiku loyamba kuti ikhale imodzi yayitali ndi ina yayifupi. M'mawa mumafika kudakali mdima, kumvera lipoti la a usiku kuti agogo a chipinda chakuti sanagone, kuvala magulovesi ndi epuloni ya pulasitiki, kuwadzutsa, kuwasambitsa, kuwaveka, ena kuwanyamula ndi makina muli awiri, kenako phala ndi tiyi, uku belu likulira chipinda china. Pofika madzulo msana umachita kukuuza wokha. Nde musaike shifiti imeneyi tsiku loti mawa lake muli ndi semina ya 9 koloko, muzikangosinza. Ntchito za pa yunivesite pomwe, monga mu laibulale, kulandira alendo pa open day, kapena za m'mahotela ndi m'masitolo nthawi ya Khirisimasi, ndi zopepukirapo ndipo mabwana ake amawadziwa kale malamulo a maola 20. Zimatha msanga, fufuzani sabata yoyamba yomwe.

Tsopano masamu, poti kumudzi akamva mapaundi amangochulukitsa ndi reti basi. Kuyambira Epulo 2025 malipiro otsikitsitsa a munthu wa zaka 21 kupita m'mwamba anali £12.21 pa ola, ndipo amasintha Epulo aliyense. Pa mtengo umenewo maola 20 anali £244 pa sabata, pamwezi cha m'ma £1,050. Pomwe Home Office yomweyo, mu Januwale 2025, inkawerengera kuti wophunzira wa kunja kwa London amafunika £1,136 pamwezi kuti akhale moyo. Mwaona? Olo mutagwira maola onse ololedwa osadwala tsiku ndi limodzi lomwe, ndalamayo ndi ya lenti, chakudya ndi thiransipoti. Fizi siyingachokere pamenepo. Amene akukuuzani kuti ingofika udzalipira fizi ndi maganyu mwina anaphunzira nthawi ina, kapena akuphwanya lamulo ndipo sakukuuzani.

Payslip muziyiwerenga, osangoona kuti foni yalira. Pali kabokosi kolembedwa tax code, ku Scotland kamayenera kuoneka ngati S1257L, kutanthauza kuti £12,570 yoyamba pachaka sadula msonkho. Mukaona BR kapena 0T pa ntchito yanu yokhayo, dziwani kuti akukudulani zambiri, lowani pa app ya HMRC kapena ayimbireni akonze, ndalamayo imabwerera. Muonenso ngati holiday pay, malipiro a masiku a tchuthi, ikuwerengedwa, olo wa maola ochepa ali nayo. Koma wina akakuyimbirani foni kuti ndine wa HMRC kapena wa Home Office, lipirani pompano apo ayi apolisi akubwera, dulani foni. Ndipo akaunti yanu ya ku banki musabwereke munthu kuti ndalama zake zingodutsamo akupatsani kangachepe, olo akhale wa kutchalitchi, banki ikatseka akaunti dzina lomwe limada ndi lanu.

Za kutumiza kumudzi ndinene mosabisa. Sankhani kuchuluka kwake ndi tsiku lake, mwina kamodzi pamwezi mukalandira, mutumize pa Mukuru kapena WorldRemit zigwere mu Airtel Money kapena Mpamba ya munthu mmodzi wodalirika, ena onse muziwalozera kwa ameneyo. Mukapanda kutero foni izilira kuyambira m'mawa, feteleza, fizi ya mwana wa asisi, denga ladontha, ndipo zonse ndi zoona, palibe akunama, koma inu muyamba kuvomera mashifiti oti simukuyenera kuvomera. Mayi ndi bambo afotokozereni masamu ali pamwambawa m'makwacha, lenti yokha muwauze kuti ndi zingati, amamvetsa kuposa mmene timaganizira.

Kusunga ndalama nkosavuta kufotokoza. Lidl ndi Aldi, zakudya za sitika yachikasu zomwe amatsitsa mtengo madzulo, kuphika kamodzi zodya masiku atatu, jekete ndi mapoto kugula m'mashopu a kaunjika a mabungwe achifundo. Wophunzira wa full time salipira council tax, msonkho wa nyumba wopita ku khonsolo, koma simangokhala chete, mumatenga kalata ku yunivesite nkupereka ku khonsolo. Lembetsani kwa GP, dokotala wa m'dera lanu, mudakali bwino, munalipira kale £776 pachaka ya zaumoyo pofunsira viza, ndipo ku Scotland mankhwala olemberedwa ndi dokotala ndi aulere. Ngati simunakwane zaka 22 funsirani khadi ya basi yaulere, ilipo kuyambira 2022.

Macheza tsopano. Ambiri amawaona ngati zinthu zoti ndidzapanga ndikapeza mpata, ine ndimati alembeni pa kalendala ngati shifiti. Chifukwa chake ndi Novembala ndi Disembala. Mawotchi akabwezedwa Lamulungu lomaliza la Okutobala, mdima umayamba kugwa msanga, pofika pakati pa Disembala dzuwa limalowa 4 koloko isanakwane, mvula ya mawawa tsiku ndi tsiku, nde ngati moyo wanu ndi kalasi, ganyu, chipinda, mutha sabata yathunthu osaseka ndi munthu. Zimayamba ngati ulesi, kugona kwambiri, kusafuna kuyankha mafoni. A NHS, azaumoyo a boma kuno, amalangiza kumwa vitamin D kuyambira Okutobala mpaka Malichi, makamaka ife akhungu lakuda, ndi wotchipa, gulani. Zikapitirira pitani kwa GP kapena kwa alangizi a pa yunivesite, ndi aulere ndipo sakauza aliyense kumudzi.

Sabata yoyamba kumakhala chionetsero cha magulu a ophunzira, lowani awiri okha. Limodzi la anthu a ku Africa kuti muzikhala ndi koseka momasuka, lina la chinthu choti simunapangepo, kukwera mapiri, kwaya, badminton, chilichonse. Azungu a kuno sabwera kudzagogoda pachitseko kuti tabwera kudzakuonani, ubwenzi wawo umamera pa chinthu chomwe mukupanga limodzi sabata ndi sabata. Ndipo kocheza amapangana, ukafuna kuonana ndi munthu umamufunsa kuti Lachinayi lili bwanji, osangotulukira. Nthawi akati 7 ndi 7. Chizungu cha ku Glasgow masiku oyamba simuchimva, musachite manyazi kunena kuti bwerezani pang'onopang'ono, eni akenso amadziwa ndipo amaseka nazo. Akakuyitanani ku ceilidh, gule wawo uja wogwirana manja nkumazungulira, pitani, pamakhala munthu wofuula masitepe nde palibe amene amaoneka mbuli.

Ku pub kuli kamwambo koti mukadziwe. Mukakhala anthu asanu patebulo mmodzi amadzuka nkugulira onse, kenako wina, mpaka ikufikani. Ngati thumba silikulola, kapena simumwa, nenani koyambirira kuti ine ndizigula zanga, palibe amene angakhumudwe. Chomwe chimanyansa ndi kumwa za anzanu anayi nkusowa nthawi yanu itakwana. Kumwera mowa mumsewu ku Glasgow ndi koletsedwa, ndipo mashopu amasiya kugulitsa 10 koloko usiku. China, jezi ya Celtic kapena ya Rangers musangogula poti mtundu wake wakusangalatsani. Nkhani ya matimu awiriwa ili ngati ya Bullets ndi Manoma koma yothira chipembedzo ndi ndale za zaka zoposa 100, ma pub ena salola n'komwe kulowa mutavala jezi.

A Malawi anzanu muwapeza mosavuta. Pali Association of Malawians in Scotland, pali Scotland Malawi Partnership ku Edinburgh yomwe imapangitsa misonkhano kawirikawiri, ndipo chakumayambiriro kwa Julayi pamakhala zokondwerera ufulu wa pa 6 Julayi. Ubale wa mayiko awiriwa ndi wakale, maboma ake anasayinirana pangano mu 2005, nde musadabwe mukalowa mu Church of Scotland gogo wina wachizungu nkukuuzani kuti anaphunzitsako ku Livingstonia kapena ku Ekwendeni, nkukupatsani moni wa Chitumbuka. A CCAP mumva ngati muli kwanu, kungoti nyimbo zake amayimba mozizira. Anthu akale kuno ndi amene amadziwa shopu ya ufa wabwino, landilodi wachilungamo, komanso komwe akulemba ntchito. Alemekezeni, koma nkhani za viza muzikatsimikiza ku yunivesite, malamulo anasintha kwambiri kuchokera nthawi yawo. Ndipo kagulu kakang'ono nkhani zimayenda msanga, zanu zina muzisunga.

Njira yachidule yopezera anzanu ndi mphika. Phikani nsima Loweruka mukhitchini ya pa flat, nkhuku yokazinga, ndiwo zamasamba zotchedwa kale zothira tomato m'malo mwa rape, muyitane amene mumakhala nawo aja. Muwaonetse kusamba m'manja ndi kutema mbamu, muone mnyamata wa ku China akulimbana nayo ikumuotcha zala. Sabata yotsatira mudzapeza kambale ka zakwawo pashelefu yanu mu fuliji. Tsekulani windo mukamakazinga, ma alamu a utsi a m'mahostelo sachedwa kulira ndipo nyumba yonse imatuluka panja pozizira.

Maulendo yambani ndi apafupi, osathamangira ku Europe. Kuchokera pa Glasgow Central sitima imakufikitsani ku Blantyre, inde Blantyre weniweni woyamba, pa mphindi 20 zokha kapena kuposerapo pang'ono, komwe David Livingstone anabadwira mu 1813, nyumba yake pano ndi museum. Edinburgh, komwe Kamuzu anaphunzirako za udokotala, ndi ulendo wosakwana ola kuchokera pa Queen Street. Ku Balloch m'mbali mwa Loch Lomond nakonso ndi sitima imodzi. Gulani 16-25 Railcard, ndi £35 pachaka ndipo imachotsa gawo limodzi mwa magawo atatu a mtengo wa tikiti, olo mwadutsa zaka 25 mumaloledwa bola muli wophunzira wa full time, yunivesite imangotsimikiza. Ku London basi ya usiku yochokera pa Buchanan Bus Station ndi yotchipa kwambiri mukagula tikiti masabata angapo nthawi isanakwane, kungoti mukafika khosi litauma.

Ku Europe nde kumafuna kudekha, pasipoti yathu imafuna Schengen visa, viza imodzi yolowera mayiko ambiri a ku Europe, ndipo viza ya UK sikuthandizani kulowa ku France. Mtengo ndi €90 kuyambira Juni 2024, kuphatikizapo ya kampani yolandira mafomu. Mumaloledwa kufunsira miyezi 6 ulendo usanafike, ndipo chovuta si fomu ayi, ndi kupeza tsiku lokapereka mapepala, kukamayandikira Isitala ndi chilimwe masiku amatha ngati shuga wotchipa. Mufunsire ku dziko lomwe mukakhaleko masiku ambiri. Mayiko ena amalandira mafomu ku Edinburgh, ena mpaka ku Manchester kapena ku London, onani zimenezo musanasankhe kopita chifukwa thiransipoti yokapereka fomu itha kuposa tikiti ya ndege. Afuna kalata ya ku yunivesite, ma statement a ku banki a miyezi itatu, inshulansi yofika €30,000, umboni wa kogona ndi tikiti yobwerera, ndipo pasipoti ikhale ndi miyezi itatu yotsala kuchokera tsiku lobwerako. Mayiko ambiri amafunanso kuti viza yanu ya UK ikhale idakali ndi nthawi, nde a Masters musadikire mpaka kumapeto. Bukani malo ogona oti mutha kukansela osaluza ndalama. Ndalama mu akaunti zizioneka kuti ndi zanu, osati £2,000 yogwa dzulo kuchokera kwa mnzanu.

Matikiti a £20 aja werengani bwino. Mtengowo ndi wa kachikwama kolowa pansi pa mpando basi, ndipo mabwalo ena ali kutali, Beauvais yomwe amayitcha Paris ili pa mtunda wa makilomita oposa 80 kuchokera mu tawuni. Ireland nayo samalani, Belfast ndi UK mutha kupita pa sitima ya pamadzi kuchokera ku Cairnryan, koma Dublin ndi dziko lina, si UK komanso si Schengen. Basi yochokera ku Belfast imangodutsa popanda geti, koma kusowa kwa geti sikukupatsani chilolezo.

Musananyamuke ulendo uliwonse wotuluka UK, lowani mu akaunti ya UKVI muone ngati nambala ya pasipoti yomwe ili mmenemo ndi ya pasipoti yomwe mwanyamula. Mukasintha pasipoti osakonza mu akaunti, a ndege atha kukukanizani kukwera pobwerera. Ndipo yendani pa holide, mkati mwa temu yunivesite imalemba amene akubwera m'kalasi ndipo ili ndi udindo wouza Home Office mukasowa nthawi yayitali. Kukagwa zovuta kumudzi, maliro kapena matenda, lembani imelo ku dipatimenti yanu musanakwere ndege kuti akupatseni chilolezo, amamvetsa. Amene mwamaliza ndipo mwafunsira Graduate visa, yotsalira kuno mukamaliza sukulu, khalani pansi mpaka yankho litabwera, mukatuluka pempho lanu limatengedwa ngati mwalichotsa nokha.

Ulendo wa kumudzi nawo, palibe ndege yochoka ku UK molunjika ku Malawi, ambiri timadzera ku Addis Ababa pa Ethiopian Airlines kapena ku Nairobi pa Kenya Airways, kukatsikira ku KIA kapena ku Chileka. Tikiti ya Disembala imakwera mtengo koopsa, ngati mwatsimikiza zopita gulani chapakati pa chaka, ndipo yerekezani kunyamukira ku Manchester kapena ku London. Koma funsani kaye kalendala ija, mayunivesite ena mayeso ali mu Disembala, ena ma asayimenti amafuna sabata yoyamba ya Januwale, ndipo kulemba nkhani ya mawu 4,000 kumudzi magetsi akuzimazima, alendo ali pakhonde kudzakuonani, sizitheka. Musadzione ngati ndinu a konkuja pa nkhani ya malungo, thupi likakhala kunja nthawi limayiwala, ndipo Disembala ndi dzinja udzudzu uli pachimake, pitani ku pharmacy kapena ku travel clinic mutenge mankhwala oteteza. Anthu otumiza katundu akuchulukirani, aliyense ndi kaphukusi ka amayi ake, landirani zokhazo zomwe mwatsekula ndi kuona nokha.

Pobwerera chikwama chimodzi chisiyireni zakudya. Mpunga wa Kilombero, Nali, Sobo womukulunga bwino m'zovala, tiyi wa ku Thyolo. Usipa ndi utaka wouma amalola, nsomba malire ake ndi makilogalamu 20 pa munthu, ingomangani m'mapepala apulasitiki kawiri katatu kuti zovala zisanunkhe mpaka Isitala. Nyama ya mtundu uliwonse ndi za mkaka ndi zoletsedwa, nde chambiko ndi nyama yofutsa ya agogo idyeranitu konko. Zipatso, masamba aawisi ndi mbewu zambiri zimafuna satifiketi, onani pa gov.uk tsiku lopakira chifukwa mndandanda wake umasinthasintha.